Amayi, Tisamabise Nthenda ya Mudzi

Amayi anzanga, mwina munaonapo mnzanu pa msonkhano wa bungwe atakhalira mbali imodzi pamkeka, akungosinthasintha kakhalidwe ngati wakhalira minga. Mukamufunsa amangoti, "Ndi msanawu, amayi." Nthawi zina umakhaladi msana. Koma nthawi zina ikumuvutayo ndi nthenda ya mudzi, ija kuchipatala mumamva akuitchula kuti piles. Maganizo anga ndi akuti manyazi amene timachita ndi nthendayi amativulaza kuposa nthendayo, ndipo mankhwala ake oyamba ali m'manja mwathu ife amene timaphika.

Tiyambe ndi kuidziwa. Kotulukira chimbudzi kuli mitsempha ya magazi imene munthu aliyense amabadwa nayo. Mitsemphayi ikapanikizika kawirikawiri imatupa. Ikatupira m'kati, nthawi zambiri sipweteka, koma munthu amaona magazi ofiira kwambiri akamadzipukuta kapena akudontha pambuyo pa chimbudzi. Ikakula imatha kutulukira kunja, n'kubwerera yokha kapena kufuna kuibweza ndi chala. Ikatupira kunja pamakhala kachotupa koyabwa, ndipo magazi akaundana m'katimo ululu wake umalepheretsa munthu kukhala pansi.

Chimene chimapanikiza mitsemphayi kwambiri ndi kudzimbidwa. Chimbudzi chikauma munthu amachima, ndipo kuchima kwa tsiku ndi tsiku ndiko kumatupitsa mitsempha. Kukhalitsa m'chimbudzi, kutsekula m'mimba kosatha, chifuwa chokhalitsa, kunenepa kwambiri ndi kunyamula katundu wolemera nazonso zimawonjezera vuto. Ife amayi tili ndi chifukwa china chapadera. Mayi akakhala woyembekezera, m'matumbo mumayenda pang'onopang'ono, mwana amatsamira mitsempha ya m'chiuno makamaka m'miyezi itatu yomaliza, kenako pamabwera kuchima kwa pobereka. N'chifukwa chake amayi ambiri amakumana ndi mudzi ali ndi pakati kapena ali m'chikuta, ndipo kwa ambiri umaphwa pakapita masabata angapo atachira.

Mwaona kuti pa zifukwa zonsezi palibe chochititsa manyazi. Mudzi subwera chifukwa cha chiwerewere, si kulodzedwa, ndipo supatsirana pogwiritsa ntchito chimbudzi chimodzi kapena beseni limodzi. Ngakhale tsabola amene timamunamizira sayambitsa nthendayi, amangowonjezera kuwotcha kwa amene ali nayo kale.

Tsono tibwere kukhitchini. Tikapita kuchigayo timakonola chimanga, n'kuviika mphale masiku angapo, kuti ufa utuluke woyera mbee. Gaga uja timapatsa nkhuku ndi nkhumba. Komatu gagayo ndiye amasunga madzi m'matumbo n'kufewetsa chimbudzi. Nsima yoyera masana, nsima yoyera madzulo, ndiwo zake kausipa kapena dzira, m'mawa tiyi ndi buledi woyera kapena mandasi: banja lodya chonchi lisadabwe anthu akamatha masiku atatu osapita kuchimbudzi.

Ndikudziwa chimene ena muyankhe. Munena kuti mgaiwa ndi chakudya cha nthawi ya njala kapena cha kusukulu yogonera komweko, ndipo bambo a kunyumba sangaudye. Munenanso kuti ufa wa mgaiwa suchedwa kuwawa ukasungidwa. Zimenezi n'zoona, koma zili ndi njira yake. Gayitsani pang'onopang'ono, wokwanira sabata imodzi kapena ziwiri. Yambani ndi kusakaniza mgaiwa pang'ono mu ufa woyera, muziwonjezera m'kupita kwa masiku. M'mawa phikani phala la mgaiwa lothira nsinjiro, kapena mbatata yophika ndi makoko ake omwe mutaitsuka bwino. Kusintha pang'onopang'ono kumathandizanso kuti m'mimba musadzaze mpweya. Ndipo tiganizire bwino: kodi ulemu wa nsima yoyera ndi wofunika kuposa kuti bambo omwewo asamabuule m'chimbudzi?

Ndiwo zothandiza tili nazo pakhomo pomwe. Nyemba, nandolo, khobwe ndi nzama zizipezeka kangapo pa sabata. Bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, chigwada, mpiru ndi therere zisamangokhala kandiwo kongolawa m'mbali mwa mbale, zizikhala zambiri ndithu. M'chilimwe mfutso umagwira ntchito yomweyo. Papaya wakupsa, mango, mapeyala ndi malalanje odya ndi nyama yake yomwe, zonsezi zimafewetsa m'mimba. Koma zakudyazi zimafuna madzi. Munthu wamkulu azimwa makapu osachepera 6 mpaka 8 pa tsiku, ndipo woyamwitsa kapena wogwira ntchito padzuwa aziposa pamenepo.

Apa pali vuto lina limene sitilitchula. Amayi ambiri amadzimana madzi dala akamapita kumsika, kumaliro kapena paulendo wa minibasi, poopa kusowa kokadzithandizira. Ena chimbudzi chikawapeza amachigwira mpaka madzulo chifukwa chimbudzi cha pamalopo chilibe chitseko. Chimbudzi chogwiridwa chimauma, ndipo mawa lake kuchima kumayambiranso. Choncho tikamakambirana zachitukuko m'magulu athu, chimbudzi chaukhondo, chachitseko, chokhala ndi madzi pafupi, pamalo amene timasonkhana, pasukulu ndi pamsika, chisamakhale nkhani yomalizira.

Nanga amene mudzi wamugwira kale achite chiyani? Thirani madzi ofunda, osati otentha, m'beseni loyera, mukhalemo mphindi 10 mpaka 15, kawiri kapena katatu pa tsiku, makamaka mukachokera kuchimbudzi. Musathiremo sopo wa ufa, mankhwala ochapira kapena zitsamba zoluma. Mukatuluka, umitsani posindikiza ndi kansalu kofewa, osakhula. Pochokera kuchimbudzi tawasani ndi madzi, musiye zitsononkho, nyuzipepala ndi masamba okhakhala. Kansalu konyowetsa m'madzi ozizira kamachepetsa kutupa, ndipo Vaseline pang'ono amachepetsa kukhuzika. Ngati mudzi watuluka ndipo ndi wofewa, sambani m'manja n'kuubweza pang'onopang'ono. Chimbudzi chikakupezani pitani nthawi yomweyo, musachime, ndipo chikakana pakatha mphindi zochepa tulukani mudzayesenso nthawi ina. Foni isamalowe nawo m'chimbudzi. Kunjuta kwa pa chimbudzi chokumba n'kwabwino ndithu, ndipo amene muli ndi chokhalira ikani mapazi pa kampando kakafupi. Woyembekezera azigona chammbali ndipo aziyendako tsiku lililonse.

Pa ululu, panado ndi wokwanira. Aspirin amatha kuwonjezera kutaya magazi, ndipo woyembekezera asamwe Brufen kapena kudzola mankhwala alionse ogula asanafunse kusikelo. Mapiritsi owonjezera magazi amene timalandira kusikelo amadzimbitsa amayi ena ndiponso amadetsa chimbudzi. Musawasiye mwa nokha, popeza amateteza moyo wanu ndi wa mwana. Uzani anamwino kuti akuthandizeni.

Pali zina zimene ndikupemphani kuti tizikane poyera. Kudula mudzi ndi lezala, kuutentha, kuumanga ndi ulusi kunyumba kapena kulowetsamo mankhwala osadziwika kungachititse munthu kutaya magazi ambiri, kuyambitsa chilonda cha mafinya, kapena kuwononga mnofu umene umagwira chimbudzi, munthu n'kumadziipitsira moyo wake wonse. Kuchipatala kuli mankhwala odzola, olowetsa ndi ofewetsa chimbudzi. Mudzi waukulu, m'zipatala zina amaumanga ndi kalabala kuti uume n'kugwa wokha, ndipo ukafika povuta amachita opaleshoni. Yambirani kuchipatala chaching'ono cha kwanu, kaya cha boma kaya cha CHAM, ndipo ngati pakufunika adzakutumizani kuchipatala chachikulu. Muli ndi ufulu wopempha kuti pokuyezani pakhale namwino wamkazi.

Mfundo imene ndikufuna mupite nayo kunyumba ndi iyi: si magazi onse otuluka ndi chimbudzi amene ndi mudzi. Kamwazi amatulutsa magazi. Likodzo la m'matumbo, limene limapezeka kwa anthu osamba ndi kuchapa m'nyanja ndi m'madambo, limatulutsanso magazi. Khansa ya m'matumbo nayo imayamba chimodzimodzi, ndipo imachizika bwino ikapezeka msanga. Mudzi susanduka khansa, koma munthu angathe miyezi akukhala m'beseni la madzi ofunda pamene chikumudya ndi china. Choncho amene waona magazi koyamba akayezetse, makamaka ngati wapitirira zaka 40. Musachedwe ngati magazi ndi akuda kapena asakanikirana ndi chimbudzi, ngati mukuwonda popanda chifukwa, ngati mukumva chizungulire ndi kufooka, ngati kachitidwe ka chimbudzi kasintha kwa masabata angapo, ngati pali mafinya ndi kutentha thupi, ngati chotuluka chakana kubwerera ndipo chikuda, kapena ngati mwayesa za kunyumbazi sabata yathunthu popanda kusintha. Mwana wamng'ono akatuluka mudzi, kawirikawiri limakhala thumbo lenilenilo limene latuluka chifukwa cha kutsekula m'mimba, njoka za m'mimba kapena kunyentchera. Phimbanipo ndi kansalu koyera konyowa, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma amene wamangidwa ndi manyazi amafunika mnzake womutsekulira. Ife ndife amene timakaona mayi m'chikuta, timalangiza atsikana athu akatenga pakati poyamba, timasamalira apongozi okalamba. Mukapita kukaona mwana wobadwa kumene, musathere pa kufunsa ngati akuyamwa bwino. Patulani mayiyo pambali mumufunse motsitsa mawu kuti, "Nanga kuchimbudzi mukupita bwino, mwanangu?" Pamodzi ndi sopo ndi chitenje, mutengereni papaya ndi kaufa ka mgaiwa. Ndipo akakuuzani za magazi, musamulonjeze kuti zitha zokha. Funsani tsiku loti mumuperekeze kuchipatala, ndipo zimene wakuuzanizo zithere pakati pa inu awiri.