Mbale za agogo zomwe tidagubuduza pachitunda

Mu Okutobala 2024 mnzanga wina yemwe tidaphunzira naye ku yunivesite adanditumizira nyimbo pa WhatsApp. Adangolemba kuti: "Aise, tamvera pakatipo. Ndi Chichewa chimenechi kapena ndi makutu angawa?"

Nyimboyo idali Noid, ya Tyler, the Creator, woimba wa ku America. Pakati pa Chingerezi chakecho mudatulukira mawu a bambo wina akuimba Chinyanja cha ku Lusaka, gitala ikulira mwaukali ngati chigayo chadizilo. Nditafufuza ndidapeza kuti mawuwo ndi a Paul Ngozi, katswiri wa ku Zambia yemwe adamwalira mu 1989, Tyler asanabadwe n'komwe. Adawatapa mu nyimbo ya Nizakupanga Ngozi, yomwe ili m'chimbale cha 45,000 Volts chomwe gulu la Ngozi Family lidatulutsa mu 1977.

Nditaona dzina la chimbalecho mtima udagunda. Nambala ya 45,000 ndimaidziwa bwino. Ndi nambala yaikulu yoyamba yomwe ndidawerenga ndekha ndili mwana, pachikuto cha mbale ina kwa agogo, kumudzi kwathu kufupi ndi Bembeke. Mbale imeneyo ndidaiswa ndine.

Agogo anga aamuna, monga amuna ambiri a kuno ku Dedza nthawi imeneyo, adapita kukagwira ntchito kumigodi ya kopa ku Zambia. Pobwerako adatenga njinga, jekete lachikopa, gumbagumba yoyendera mabatire ndi sutikesi yodzaza mbale. Singano ya gumbagumbayo itathyoka, ina sidapezeke. Iwo atatisiya, ine ndili Sitandade 2, sutikesi ija idakankhidwira kunsi kwa bedi.

Adaipeza ndife adzukulu. Mbale zikuluzikulu tinkazigubuduza pachitunda cha kuseri kwa nyumba, kupikisana kuti ya ndani ikafika kumunda wa kachewere isanagwe. Zing'onozing'ono zidasanduka ziwongolero za galimoto zathu zawaya. Palibe adatikalipira. Ina agogo aakazi ankavundikirira mtsuko wa madzi. Nthawi imeneyo ngakhale makaseti adali atayamba kutha ntchito, aliyense akufuna CD, ndiye ndani akadadandaula ndi chimbale chakuda chopanda poimbira?

Zomwe tinkagubuduzazo lero dziko limazitcha Zamrock. M'zaka za m'ma 1970 anyamata a ku Lusaka, Kitwe ndi Ndola ankamvera Jimi Hendrix, Rolling Stones, Deep Purple ndi James Brown, kenaka n'kusakaniza phokoso limenelo ndi kaimbidwe ka kwawo. Boma la Kenneth Kaunda litalamula kuti wailesi izidzaza nyimbo za m'dzikomo, magulu adachuluka ngati bowa. Mu 1975 mokha mudatuluka Lazy Bones!! ya WITCH, Africa ya Amanaz ndi Wings of Africa ya Musi-O-Tunya. Chaka chotsatira Ngozi Family idatulutsa Day of Judgement. Mtsogoleri wa WITCH, Emmanuel Chanda, anthu adamupatsa dzina loti Jagari chifukwa kavinidwe kake kankawakumbutsa Mick Jagger.

Kenaka mtengo wa kopa udagwa, ndalama m'matumba zidauma, disiko idalanda malo ovinira, ndipo edzi idatenga oimba ambiri a m'badwo umenewo. Jagari mwiniwake adafika pokakumba miyala yamtengo wapatali kuti apeze ya ufa. Nyimbo zija zidakhala ngati zakwiriridwa.

Adazifukula ndi anthu osonkhanitsa mbale zakale pamodzi ndi kampani yaing'ono ya ku Los Angeles yotchedwa Now-Again Records. Mu 2010 kampaniyi idatulutsanso nyimbo za Rikki Ililonga ndi Musi-O-Tunya m'chimbale cha Dark Sunrise. Mu 2012 idasonkhanitsa zimbale za WITCH m'bokosi limodzi, ndipo mu 2017 idatulutsa magawo awiri a Welcome to Zamrock! Jagari adabwerera papulatifomu, adakaimba ku Ulaya ndi ku America, mpaka WITCH idatulutsa chimbale chatsopano cha Zango mu 2023.

Kutulutsanso chimbale chakale si nkhani yongokopera. Pamafunika tepi yoyambirira yomwe nyimbo zidajambulidwapo mu situdiyo. Ikasowa, akatswiri amasaka mbale imodzi yomwe sidakandike kwambiri, n'kuitsuka, n'kuijambula mosamala, n'kuchotsamo kuthetheka kuja. Pamafunika chikuto choyambirira. Pamafunika kupeza oimbawo, kapena ana awo, kuti avomereze ndi kulandirapo kanthu. Pamafunikanso wina wokumbukira kuti gitala adaimba ndani, ng'oma adaimba ndani, chidali chaka chiti. Mukaona mndandanda umenewu muona kuti ntchito yonseyi imayambira m'nyumba ya munthu wina amene sadataye.

Pa Khirisimasi chaka chomwecho ndidakwera minibasi kupita kumudzi, n'kutsikira pa Bembeke. Sutikesi ija ndidaipeza pomwe paja. Mudatsala mbale 7 zokha. Nkhungu ya m'mapiri athuwa siseka ndi pepala: zikuto zidali zitamera nguwi, zina zitamatirirana, mayina ena atadyedwa ndi njenjete. Ziwiri zidali za rumba ya ku Congo, zinayi za simanjemanje ya ku Joni, ndipo imodzi yaing'ono idali ndi chizindikiro cha Nzeru, kampani yomwe inkatulutsa mbale ku Blantyre kalelo. Ya Ngozi Family mudalibe. Ndidadziwa kale kuti simungakhale, koma ndidafufuzabe kawiri.

Madzulo tikuwotha moto ndidatsegula nyimbo ya Paul Ngozi ija pafoni, yoyambirirayo. Ndinkayembekezera misozi. Agogo adamvetsera pang'ono, kenaka adaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, wazitenga kuti zaphokoso za agogo akozi? Ine ndimati zidapita nawo limodzi."

"Simunkazikonda, agogo?"

"Ndizikonde chiyani? Chimbale chimenecho adagula ndi ndalama yomwe ndidawapatsa kuti akagulire mayi ako bulangete. Masiku atatu sindidawayankhule. Iwo n'kumaimba dala pakhomo, amvekere mawu akuti ngozi akundiloza ine."

Nkhani imeneyi ngakhale mayi anga sankaidziwa. Usiku umenewo ndidamva dzina la komboni yomwe ankakhala, za mnzawo wa ku Chipata yemwe ankabwereka gumbagumba Loweruka lililonse, ndi za ulendo wobwerera kumudzi sutikesi ili pamiyendo chifukwa agogo aamuna adakana kuti ikwere pamwamba pa basi. Zaka zonsezi ndakhala nawo, sindidafunsepo. Idafunsa ndi nyimbo.

Nditawafotokozera kuti mnyamata wa ku America waika mawuwo m'nyimbo yake ndipo dziko lonse likumvera, funso lawo lidali limodzi: "Nanga ana ake a Ngoziyo akudyapo?" Ndidawauza kuti dzina la malemuyo lidalembedwa pakati pa opeka nyimboyo, ndipo kulembedwa kumeneko ndiye khomo lomwe ndalama imalowera. Adagwedeza mutu. "Basi, ndiye kuti si wakuba."

Funso la agogoli landikhala pamtima, chifukwa likukhudza ife a kuno kwathu. A Zambia zawo zidafukulidwa. Nanga zathu? Kalimba, Makasu, Jazz Giants, MBC Band, Robert Fumulani ndi Likhubula River Jazz Band, Daniel ndi Donald Kachamba, Stonard Lungu, Michael Yekha. Mayinawa timawatchula monyadira, koma tayesani kufuna chimbale chathunthu, chomveka bwino, chokhala ndi chikuto ndi mayina a oimba. Nthawi zambiri chomwe mupeze ndi nyimbo imodziimodzi pa YouTube kapena kwa anyamata obena nyimbo pamsika, mawu ake ngati akuchokera m'chitsime, mutu wake wolakwika, mwini wake osalandirapo ngakhale tambala.

Si kuti palibe adayesapo. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno mu 1950 ndi 1958 akujambula nyimbo za m'midzi, ndipo patapita zaka zambiri kampani ya SWP Records ya ku Netherlands idazitulutsanso pa CD. Dr John Lwanda, kudzera mu Pamtondo, adajambula ndi kutulutsa nyimbo za Allan Namoko ndi Chimvu River Jazz Band, Namoko asanamwalire mu 1995. Ndipo tonse tidaona zomwe zidachitika Patience Namadingo atakhala pansi ndi Giddes Chalamanda mu 2020: Linny Hoo idazungulira dziko lonse pa TikTok, mwini wake ali ndi zaka zoposa 90. Omvera alipo. Chosowa ndi osunga.

Ndipo musaganize kuti nkhaniyi ndi ya mbale za galamafoni zokha. Makaseti a Alleluya Band ndi Paul Banda, Son of a Poor Man ya Lucius Banda, Kuimba 1 ya Evison Matafale, ndiwo mbale zakale za m'badwo wathu. Matafale adapita mu 2001, Lucius mu 2024. Kaseti nayo imachita nguwi, imamatirira, imaduka. Katoni yomwe ili pamwamba pa wadiropu ya bambo anu ikhoza kukhala ndi kaseti yomwe mwini nyimbo alibenso.

Choncho musanasese m'nyumba ya makolo, imani kaye. Mbale muziimike chilili, osazisanjikiza, kutali ndi dzuwa ndi khoma lachinyontho. Pukutani ndi kansalu kofewa motsatira mizere yake, osati mopingasa. Makaseti muwaike pouma, m'zikuto zawo, ndipo yomwe yachita nguwi musaikakamize muwailesi. Jambulani chikuto chilichonse pafoni, kutsogolo ndi kumbuyo, mayina asanafufutike. Mukapeza chosowa, musathamangire kukachibena n'kumagulitsa. Funsani a COSOMA kapena a banja la woimbayo. Koposa zonse, khalani pansi ndi mwini katoniyo akadali moyo, mumufunse kuti adagula kuti, liti, ndi ndalama ya chiyani. Paja mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga.

Amalume atamva kuti azungu amagula mbale zakale ndi madola, adabwera m'mamawa kudzafunsa za sutikesi. Agogo adawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Zaka zonsezi ili kunsi kwa bedi sudaifunsepo. Atenge mwanayu, ndiye adaswa zinzake. Akalipire posunga zotsalazi."

Mbale 7 zija zili kwanga tsopano, zoimikidwa pashelefu pakati pa mabuku. Ndikusakasaka poimbira. Ikapezeka, yoyamba kuikapo ndi ya Nzeru ija, ndipo ndidzaitengera ku Bembeke, chifukwa dzina la woimba lidadyedwa ndi njenjete ndipo munthu yekhayo amene angamuzindikire ndi agogo.