Mbale za agogo zisathere kudzala



Masiku ano ophunzira ena ayamba kufunsa za mbale zakuda zija zoimbira pa galamafoni. Amaziona pa foni achinyamata a kunja akuzinyadira, ndiye nawonso akufuna kuyamba kutolera. Sakunama kuti mbalezi zabwereranso: ku America mu 2022 zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, koyamba chichokereni 1987. Ife tikuti chidwichi n'chabwino, koma chiyambire m'nyumba. Kuno ku Nkhunga mbale zamtengo wapatali zili pansi pa masutikesi a agogo, ndipo zikutha chaka ndi chaka popanda wozilira.

Mbalezi zinafika bwanji kunyanja kuno? Azigogo athu ambiri anakagwira ntchito ku Joni ndi ku Halale, ena kudzera ku Wenela, ena paokha. Pobwera ankanyamula njinga, bulangete, suti, ndipo amene zinamuyendera ankabweranso ndi galamafoni yopukusa ndi mulu wa mbale. Zambiri zinali za kampani ya Gallo ya ku Johannesburg, yomwe inayamba mu 1926. Ulendo wa Wenela unaima mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu athu ambiri. Choncho mbale imene mungaipeze m'sutikesi mwina inagulidwa ndi thukuta la mumgodi, ndipo ingakhale chinthu chokhacho chotsala cha ulendo wa munthu ameneyo.

Za kwathu konkuno n'zosowa kwambiri. Hugh Tracey, amene anayambitsa International Library of African Music mu 1954, anayenda m'dziko muno m'zaka za m'ma 1950 kujambula nyimbo za m'midzi, ndipo lero mawu amenewo akusungidwa ku Rhodes University ku South Africa. Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka anajambulidwa ndi Gerhard Kubik mu 1967, n'kudziwika mpaka ku Ulaya. Kampani ya Nzeru inatulutsako mbale za oimba a ku Malawi kwa zaka zochepa chabe, kenaka inatsekedwa. Oimba athu ambiri ankangojambulidwa pa matepi a MBC. N'chifukwa chake mbale ya Chichewa, Chiyao kapena Chitonga ikasweka, kupeza inzake n'kovuta.

Tsono inu amene mukufuna kuyamba, malangizo athu ndi awa.

Choyamba, pemphani. Mbale ili ndi mwini wake, ndipo ngati mwiniyo anatisiya, ndi chuma cha banja lonse. Khalani pansi ndi agogo, mutenge kope, mulembe dzina la woimba, la kampani, nambala ya pakati pa mbale, amene anaigula, kumene anaigula ndi chaka ngati akukumbukira. Mawu a akulu akoma akagonera, koma amagonera bwino akalembedwa.

Chachiwiri, dziwani mtundu wa mbale musanaiimbe. Ilipo mitundu itatu, ndipo nambala yake imanena kuti mbale imazungulira kangati pa mphindi imodzi. Ya 78 ndi yakale, yolemera, yosapindika, ndipo ikagwa imasweka ngati mbale yadothi. Mbali imodzi imaimba pafupifupi mphindi 3. Ya 33, yomwe inayamba mu 1948, ndi yaikulu, yapulasitiki, ndipo mbali imodzi imatha mphindi ngati 20. Ya 45 inabwera mu 1949, ndi yaing'ono, kawirikawiri nyimbo imodzi mbali iliyonse. Cholakwa chachikulu cha oyamba kumene n'kuika ya 33 kapena ya 45 pa galamafoni yopukusa. Singano yake yachitsulo ndi yolemera, imalima mizere ya pulasitiki ngati khasu, ndipo zimene yafafaniza sizibwereranso. Ngakhale pa ya 78, singano yachitsulo inapangidwa kuti izisinthidwa ikangoimba mbali imodzi. Msomali kapena singano yosokera musayerekeze n'komwe.

Chachitatu, sungani bwino, pakuti nyengo yathu si bwenzi la mbale. Kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala pansi pa denga la malata kumapinda pulasitiki. Chinyezi cha kunyanja chimabweretsa chuku, chiswe chimadya zikuto, mchenga umakanda mizere. Mbale ziziimikidwa chilili ngati mabuku, osazisanjikiza, m'chipinda chozizira, kutali ndi zenera ndi kukhitchini. Ziikeninso pamwamba. Madzi osefukira a 2024 kuno ku Dwangwa anatiphunzitsa zimene zimachitikira katundu wokhala pansi.

Chachinayi, gwirani m'mphepete ndi pakati pokha, chifukwa mafuta a m'zala amakola fumbi. Popukuta gwiritsani ntchito kansalu kofewa koyera, motsatira mizere mozungulira. Ngati yada kwambiri, nyowetsani kansaluko pang'ono ndi madzi oyera aja othira m'batire ya galimoto, osati asidi, ndipo pepala la pakati lisanyowe. Sipiriti ndi palafini zitalikire. Sipiriti amasungunula mbale ya 78.

Chachisanu, musathamangire kugula makina. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukapeza choimbira chakale pamsika, onani kaye ngati singano yake ilipo ndipo ina ingapezeke, ngati lamba wozunguza mbale sanafutuke, ndiponso ngati chili ndi liwiro la mbale zanu, popeza zambiri zilibe 78. Werengani kumbuyo kwake: magetsi athu ndi a 230V, ndipo makina opangidwira ku America a 120V amapsa mukangowalumikiza. Makina amodzi abwino angathandize mabanja khumi. Ndalama ya fizi, ya mayeso kapena ya yunifomu isapite ku zimenezi ngakhale tambala imodzi.

Chomaliza, mbale ikaimba bwino, jambulani mawuwo pa foni m'chipinda chopanda phokoso, mutumizire abale. Mukatero mudzamvera pa foni, mbale n'kumapuma. Ndipo akabwera munthu wofuna kugula mulu wonse pa mtengo wa thumba la chimanga, musafulumire. Mbale zakale za magulu a ku Zambia monga WITCH lero zikusakidwa ndi otolera a ku Ulaya ndi ku America. Wogula amadziwa mtengo. Wogulitsa ndiye sadziwa.

Tikudziwa kuti makolo ena ndi akuluakulu ena a komiti ali ndi nkhawa: kodi zimenezi sizikokera ana ku nyimbo zopanda ulemu ndi kutaya nthawi? Nkhawayi ndi yomveka ndipo sitikuipeputsa. Koma mbale ndi chotengera, ndipo chimene chathiridwamo ndicho tiyenera kuyesa. Qur'an yonse inajambulidwa koyamba ku Egypt mu 1961 ndi mawu a Sheikh Mahmoud Khalil al-Husary, ndipo inafalikira m'maiko ambiri pa mbale zomwezi. Zilipo mbale za nthano, za nyimbo za pamtondo, za maphunziro a zilankhulo. Ziliponso zosayenera mwana. Kholo limvere limodzi ndi mwana, lisankhe, ndipo nthawi ya swala ndi ya kuwerenga ikhale yosakhudzidwa. Tinenenso zoona: mbale imaimba pabwalo aliyense akumva, pamene zimene zimalowa m'makutu a ana athu kudzera pa foni palibe kholo limene limazidziwa.

Pempho lathu n'laling'ono. Patchuthi chikubwerachi, wophunzira aliyense afunse kwawo ngati kuli mbale kapena galamafoni. Asabweretse kusukulu, angolemba zimene wapeza ndi nkhani yake monga aifotokozera akuluakulu. Tikatsegulira tidzasonkhanitsa makopewo, tione chimene Nkhunga wasunga. Makolo, mwana akabwera ndi kope, mutsegulireni sutikesi ija, ndipo mumuuze amene anainyamula kuchokera kutali.

Wassalamu alaikum.