MPHIKA WOFUNDIKA SI ULESI

M'miyezi ya Disembala ndi Januwale, pamene udzu ulimbana ndi cimanga m'minda ya ku Katete, Petauke ndi Lundazi, mai wa pamudzi amaitanidwa kuwiri. Khasu limfuna kumunda, mphika wa nyemba umfuna pamafuwa. Akulu akale anati mapanga awiri abvumbwitsa. Akathamangira kumunda, banja limadya usiku ana atagona kale. Akakhalira mphika, udzu umakula. Kawiri-kawiri katunduyu amagwera mwana wamkazi, amene amalephera kupita kusukulu cifukwa ca kusonkhezera moto.

Bvutoli si la kumudzi kokha ai. Ku America, m'caka ca 1971, kampani ya Rival inayamba kugulitsa poto wamagetsi, dzina lace Crock-Pot, amene amaphika pang'ono-pang'ono tsiku lonse mwini wace ali kunchito. Poto wotere ndi wabwino kwa iwo amene ali ndi magetsi osazima. Koma midzi yambiri iribe magetsi, ndipo m'caka ca 2024, cirala citacepetsa madzi ku Kariba, ngakhale anthu a m'matauni anali kukhala maola ambiri pa tsiku opanda magetsi.

Tsono cofunika kwa mlimi ndi nzeru imene iri m'kati mwa potoyo. Ndiwo zikawira bwino sizifunanso malawi. Zimapsa ndi kutentha kumene kuli kale mumphika, malinga kutenthako kusathawe. Nzeru yomweyi ndiyo inagwiritsidwa nchito ku South Africa m'caka ca 2008, pamene Sarah Collins anayambitsa thumba lofundikira mphika lodziwika ndi dzina lakuti Wonderbag. Wa kumudzi safunika kuligula, pakuti zipangizo zace ali nazo pakhomo: dengu lalikulu, udzu wouma, makoko a cimanga kapena thonje, ndi bulangeti lakale.

Kacitidwe kace nkosabvuta. Nyemba zibviikidwe m'madzi usiku wonse. M'mamawa madziwo atayidwe, zithiridwe ena, ndipo ziwire kolimba pamoto kwa mphindi 20. Mphika ukhale wodzala ndithu, wa cibvundikiro cogwira bwino, cifukwa mphika wa theka umazizira msanga. Pouphula ayang'ane kuti pansi pace sipanamatire khala la moto. Kenaka aukulunge m'citenje, auike m'dengu loyalidwa udzu, autsendere m'mbali monse, nabvundikira bulangeti pamwamba. Patapita maola 4 kapena 5, pobwera kumunda, nyemba zimapezeka zofewa, zosapserera. Khobwe, nzama, cimanga cokonola ndi nyama yolimba zimapsa mwa njira yomweyi.

Pali malamulo awiri amene sayenera kunyozedwa. Loyamba: nyemba zosawira mokwanira, makamaka zofiira, ziri ndi ululu wosanzitsa ndi kutsegula m'mimba, umene umatha pokha-pokha zitawira kolimba kwa mphindi zosacepera 10. Laciwiri: cakudya cikangofunda cabe, tizirombo toyambitsa matenda timaswana msanga. Cifukwa cace mphika usabvundukulidwe nthawi isanakwane, usagone m'dengu usiku wonse, ndipo ukapezeka utazizira ubwezedwe pamoto kuti uwirenso anthu asanadye.

Ena adzati mkazi wosiya mphika wokha ndi waulesi. Mau amenewa alibe cilungamo. Mai amene wacoka mbanda kuca ndi khasu paphewa, ndiwo atazikonza kale, wagwira nchito ziwiri m'mawa umodzi. Enanso adzati nsima siingaphikidwe m'dengu. Nzoonadi, nsima imafuna moto ndi mthiko. Koma nsima siicedwa. Cimene cimadya nkhuni ndi nthawi ndi ndiwo zouma, zimene zimakhala pamafuwa maola angapo.

Phindu lace nloonekeratu. Mtolo wa nkhuni umakhalitsa, ndipo maulendo a kuthengo, kumene mitengo iri kunka nipita kutali caka ndi caka, amacepa. Utsi wa m'khicini, umene umapweteka maso ndi cifuwa, umacepanso. Khanda lokwawa silipeza moto woyaka wopanda munthu wamkulu pafupi. Koposa zonse, mwana wamkazi amapita kusukulu pamodzi ndi alongo ace.

Ndi cifukwa cace makalabu a azimai, alangizi a za malimidwe ndi anyakwawa ayenera kuionetsa njira imeneyi poyera pa misonkhano ya m'midzi, kuti okaikira alawe okha nyembazo. Azibambo naonso ali ndi gawo lao: manja amene amaluka nkhokwe sangalephere kuluka dengu la mphika umodzi. Nchitoyi icitike mvula isanagwe, makoko ndi udzu zikali zouma, kuti nyengo ya kupalira ikafika banja lisasankhenso pakati pa munda ndi cakudya.