Kodi Liszt Anali Wodzionetsera Chabe?

Alipo akatswiri a nyimbo amene mpaka lero amanyoza Franz Liszt, woimba piyano wa ku Hungary amene anabadwa mu 1811. Iwo amati zala zake zinali zaliwiro ndithu, koma nyimbo zake ndi phokoso lopanda mtima. Ife tikukana.

Nzoona kuti pa unyamata wake omvera ankachita kulimbirana magolovesi ake. Koma mlandu sagamula atamva mbali imodzi. Mu 1847, ali ndi zaka 35, analeka kuimbira ndalama. Mu 1865 analandira maudindo aang'ono a Eklezia, ngakhale sanadzozedwe unsembe. Mu 1879 anatsiriza Via Crucis, nyimbo za malo 14 a Njira ya Mtanda: mawu ochepa, limba loyenda pang'onopang'ono ngati munthu wolemedwa ndi katundu. Osindikiza anaikana. Inamveka koyamba ku Budapest pa Lachisanu Loyera la 1929, mwini wake atagona m'manda zaka zoposa 40. Kodi wofuna kuomberedwa m'manja angalembe zotere?

Nkhaniyi ikutikhudza, abale. M'makwaya a ku Namitete, Nambuma ndi Mpingu muli achinyamata aluso pa limba ndi ng'oma, ndipo ena a ife timafuna kuwaletsa poti amadzionetsera. Iyayi! Luso si tchimo; chofunika ndi kuliphunzitsa kugwada. Tikadula mtengo chifukwa wachuluka masamba, zipatso tidzazithyola kuti? Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Tiwalangize ana athuwa, koma limba tisawalande.