ZAPABWALO: Anawakwezera mtengo, iwo anakaphika zawo

Inu a mumsika mukudziwa zimene zimachitika wogulitsa akamva kuti katundu ali naye yekha. Mtengo umakwera ngati wamera mapiko. Zoterezi zinawagwera a August Bournonville, katswiri wopeka magule wa ku Denmark, yemwe anabadwira mumzinda wa Copenhagen m'chaka cha 1805.

Gule wake ndi ballet, uja wa azungu wovina monyang'ama ndi zala zakumapazi, wofotokoza nkhani popanda wotsegula pakamwa. Mu 1832 ku Paris kunatchuka gule wotchedwa La Sylphide, wopekedwa ndi a Filippo Taglioni. Ndi nkhani ya mnyamata James amene anathawa bwenzi lake tsiku laukwati pothamangira mzimu wachikazi wa m'nkhalango, mapeto ake n'kutaya onse awiri.

A Bournonville, omwe kuyambira 1830 ankatsogolera gulu la Royal Danish Ballet, anafuna kuti anthu akwawo auone. Koma eni nyimbo ku Paris anatchula mtengo woboola m'thumba. Mkuluyu sananenerere mpaka kulira ayi. Anapeza mnyamata wina komweko, Herman Løvenskiold, kuti apeke nyimbo zatsopano, iwo n'kukonza mavinidwe awoawo. Mu 1836 gule anatuluka, Lucile Grahn akuvina ngati mzimu uja, iwo eni ngati James.

Tsono tamverani mathero ake. Mavinidwe a ku Paris aja anaiwalika, moti akatswiri amachita kuwalumikiza kuchokera m'mapepala akale. A ku Copenhagen akuvinidwabe mpaka lero. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Vuto lina linadza mu 1841. Anthu atayamba kuwakuwiza ali pabwalo, a Bournonville anatembenukira kwa Mfumu Christian VIII n'kuifunsa chochita anthu onse akuona. Uku kunali kuchita mwano. Anawaimitsa ntchito miyezi 6 popanda malipiro. Iwo anapita ku Italy, nakafika ku Naples komwe ankaonerera asodzi ndi ogulitsa malonda padoko. Mu 1842 anatulutsa gule wotchedwa Napoli.

Guleyu ndi wanu, abale anzanga. Amayambira pamsika. Wogulitsa makaroni ndi wogulitsa chakumwa cha mandimu akulimbirana namwali Teresina, pomwe iye mtima uli pa msodzi wosauka, Gennaro. Magule ambiri a nthawiyo ankadzaza ndi mizimu, amuna ntchito yawo n'kungonyamula akazi. A Bournonville anapatsa amuna mbali zodumpha zenizeni, ndipo anthu wamba anawaika patsogolo.

Nanga bwanji zawo sizinafe? Mkuluyu anamwalira mu 1879 atapeka magule pafupifupi 50, ndipo ambiri anatayika ndithu. Amene anatsala anapulumuka chifukwa cha ophunzira. A Hans Beck, amene anadzatsogolera gululi pambuyo pake, anasonkhanitsa mavinidwewo m'makalasi 6, lililonse ndi tsiku lake, Lolemba mpaka Loweruka. Ana ankabwereza sabata ndi sabata mpaka luso kulowa m'mafupa.

Luso losalembedwa limakhala m'thupi la munthu, akapita limapita naye. Inu amene mumadziwa poodera katundu wabwino, kasungidwe ka tomato kuti asaphwanyike, ndi kanyengereredwe ka kasitomala wovuta, mwaphunzitsa ndani? Mwana uja mumangomutuma kukasintha ndalama, mawa mukhazikeni pabenchi aone mmene mumachitira.