Tequila wachikasu asapusitse eni mabala

Eni mabala ndi mabotolo sitolo ambiri akamapikula tequila amathamangira botolo lachikasu, poganiza kuti mtundu wagolidewo ndi umboni wa mowa wokhwima. Ena amakweza nawo mtengo wa toti. Uku n'kuseweretsa mpamba.

Tequila amachokera ku Mexico, makamaka m'chigawo cha Jalisco, ndipo amatchezedwa kuchokera ku blue agave, chomera chapachibale ndi khonje. Malamulo a kumeneko amalola mowa kutchedwa tequila ngakhale shuga wa agave atangokwana 51 peresenti, wotsalayo n'kukhala wa nzimbe kapena wa chimanga. Mabotolo ambiri olembedwa "gold" ali m'gulu limeneli, ndipo chikasu chake kawirikawiri n'chochita kuthiramo. Wosasakaniza amalembedwa "100% agave".

Wogulitsa athire pang'ono m'matambula awiri, adikire kamphindi, kenako anunkhize asanalawe. Blanco wa agave yekha ndi woyera ngati madzi, koma amatulutsa fungo ngati la mbatata yootcha, la khungu la ndimu ndi tsabola pang'ono. Wosakaniza uja amayamba n'kutsekemera ngati switi, kenako amangowotcha kukhosi, fungo n'kuzimiririka msanga.

Reposado amakhala mumgolo wa mtengo wa oak kuyambira miyezi iwiri mpaka chaka, n'chifukwa chake amamveka vanila ndi uchi. Añejo amagonamo chaka mpaka zaka zitatu ndipo amayandikira kachasu wa azungu, whisky. Ngakhale dothi limalowererapo: agave wa kumapiri a Los Altos amakomera ku zipatso, pomwe wa kuchigwa, kufupi ndi tauni ya Tequila, amanunkhira dothi ndi zitsamba.

Añejo ndi wokoma, koma pabala yomwe makasitomala amangogugudiza toti ndi mchere ndi ndimu, botolo lodulalo ndi ndalama yogona pashelefu. Mchere ndi ndimu zimaphimba zonse zomwe mwini bala walipirira. Pamalo otere wosakaniza akwanira, bola agulitsidwe pamtengo wake. Blanco wa 100% agave asungidwire kasitomala womwa modekha, yemwe angavomere kuwonjezera ndalama akanunkhiza yekha kusiyana kwake.

Polandira katundu, wogulitsa ayang'anenso mawu oti NOM ndi manambala anayi omwe amasonyeza kampani yotcheza. Botolo lopanda nambalayi libwezedwe kwa woodetsa lisanatsekulidwe.