Womangitsa nikah aphunzirenso kulangiza banja

Zaka zingapo zapitazo, ndikutumikira pa mzikiti wina kwa Chulu m'boma la Kasungu, mayi wina wochokera kunyanja adandidikira itatha swala ya Asr. Iye ndi mwamuna wake adabwera kudzagwira ntchito m'minda ya fodya. Mwini munda atagulitsa fodya ku Chinkhoma n'kulipira antchito, bamboyo adasowa pakhomo masabata awiri ndipo adabwerera chimanjamanja. Ine ndidamuuza mayiyo za ubwino wa sabr, kupirira, n'kumubweza kunyumba. Sindidamufunse ngati amamenyedwa, ndipo amamenyedwadi. Ndidazimva patapita miyezi, atathawira kwawo ndi ana.

Zomwe ndidalankhula tsikulo zidali zoona m'chipembedzo, koma sizidali mankhwala a nthenda yake. Ndidaphunzira malamulo a nikah, mahari, twalaq ndi eda, koma panalibe yemwe adandiphunzitsa kumvetsera anthu awiri okwiyirana, kapena kuzindikira mkazi yemwe akubisa mantha.

Qur'an yolemekezeka, mu Surah An-Nisaa ndime 35, ikulamula kuti banja likafika pogwedezeka pasankhidwe oyanjanitsa awiri, wina wa kuchimuna wina wa kuchikazi. Mwambo wathu wa ankhoswe umagwirizana ndi zimenezi. Koma banja lomwe lili kwa Chulu, ankhoswe ake ali ku Mangochi, Salima kapena Nkhotakota, limathamangira kwa Shehe kapena mwalimu wa pafupi. Iye yekhayo amasanduka nkhoswe ya mbali zonse ziwiri, woweruza komanso phungu. Nchifukwa chake ndikuti uphungu wa mabanja ulowe m'maphunziro apamwamba a atsogoleri athu.

Poyambira palipo kale. Ku University of Malawi ku Zomba kuli maphunziro a kaganizidwe ndi khalidwe la munthu, ndipo koleji ya St John of God ku Mzuzu imaphunzitsa aphungu. Mabungwe a Muslim Association of Malawi ndi Qadria Muslim Association of Malawi angathe kukambirana ndi sukulu zoterezi kuti pakhale maphunziro a ma Shehe ndi amayi otsogolera dawah. Amayiwo asasiyidwe, pakuti pali zambiri zomwe mkazi sanganene pamaso pa mwamuna. Wophunzirayo adziwenso malamulo a dziko: la 2006 loteteza anthu ku nkhanza za m'banja, ndi la 2015 la maukwati, lomwe lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wolowera m'banja. Adziwe nthawi yoyanjanitsa ndi nthawi yoperekeza munthu ku Victim Support Unit ya apolisi.

Kalasi yokha siikwana. Ife Asilamu tikudziwa kuti wophunzira Qur'an amawerenga pamaso pa mphunzitsi wake, kukonzedwa chilembo ndi chilembo, asanapatsidwe ijaza. Aphungu ophunzira bwino amachitanso chimodzimodzi: watsopano amakafotokoza nkhani zomwe wakumana nazo kwa mkulu wodziwa ntchito, osatchula maina a eni ake, ndipo mkuluyo amamuonetsa pomwe waphonya. Ndikadakhala ndi wondiyang'anira wotere, akadandifunsa ngati ndidalankhula ndi mayi uja payekha, ndipo funso limenelo likadandibweza pakhomo pake nthawi ilipo.

Kafukufuku nayenso ngofunika. Mabuku ambiri a uphungu adalembedwa ku Ulaya ndi ku America, poganizira banja la mwamuna, mkazi ndi ana awo basi. Kwathu kuno kuli chikamwini ndi chitengwa, kuli amalume, kuli mitala, kuli amuna omwe akhala zaka ku Johannesburg akutumiza ndalama pafoni, kuli mabanja omwe amaona ndalama kamodzi pachaka fodya akagulidwa. Ana athu omwe ali m'sukulu zaukachenjede afufuze zimenezi mwaulemu ndi mosunga chinsinsi, kuti malangizo athu achokere pa moyo weniweni wa anthu.

Ena akuopa kuti maphunziro oterewa adzalowetsa maganizo achilendo m'banja la Chisilamu ndi kulimbikitsa kusudzulana. Mantha amenewa ndikuwamvetsa, ndipo nchifukwa chake ma Shehe ayenera kukhala nawo pokonza maphunzirowo. Komanso tikumbukire kuti Mtumiki Muhammad (Mtendere ndi Madalitso a Allah zikhale pa iye) ankamvetsera madandaulo a akazi, ndipo adamulola mkazi wa Thabit ibn Qays kuchoka m'banja atabweza munda womwe udali mahari ake.

Abale ndi alongo a kunyanja, ana anu ali m'minda ya ku Kasungu, kutali ndi inu. Pamene mukusonkha ndalama zomangira mzikiti, sonkhaninso zotumizira mwalimu mmodzi ndi mayi mmodzi kukaphunzira uphungu. Allah atikhululukire pomwe tidalangiza mopanda kudziwa, ndipo aike chikondi ndi chifundo m'nyumba zathu. Ameen.